Ndere Zabulauni M'thanki Yatsopano ya Madzi Amchere: Zoyenera Kuchita Kuno ku Joni

Thanki mwaidzaza, mchere mwasungunula bwinobwino, miyala mwaisanja momwe mtima wanu ukufunira, ndipo mchenga uli mbee pansi. Pakutha sabata imodzi, awiri kapena atatu, mukudzuka m'mawa n'kupeza mchenga uja wachita mawanga a dzimbiri. Mawa lake mawangawo alumikizana. Posakhalitsa galasi lachita chifunga chabulauni, miyala yada, hita ndi mapampu nazo zavala fumbi lomwelo. Apa m'pamene anthu ambiri amataya mtima, makamaka akakumbukira ndalama zimene zalowa m'thankimo, poti ife a ku Johannesburg nyanja tilibe. Mchere n'ngogula, mchenga n'ngogula, miyala nayo n'njogula.

Khazikani mtima pansi, abale. Chimene mukuonacho si matenda. Pafupifupi thanki iliyonse yatsopano ya madzi amchere imadutsa m'nyengo imeneyi. Ndere zabulaunizi ndi tizamoyo ta selo imodzi totchedwa diatom, ndipo kalikonse kamadzimangira chigoba cha silika, chinthu chomwe amapangira galasi. Popanda silika wosungunuka m'madzi sitingamange chigoba, ndipo popanda chigoba sitingaswane. M'thanki yatsopano silika amakhalamo wambiri kuchokera kumchenga, kumiyala ndi kumadzi amene mwathira, komanso mulibe chamoyo china cholimbirana nato chakudya. N'chifukwa chake timabuka mwamphamvu chonchi. Silika akatha, timatha tokha, kawirikawiri pakangopita masabata angapo.

Ndiye ntchito yanu ili pawiri: kuleka kuthira silika wina m'thankimo, ndi kusawononga thanki pofuna kuiyeretsa mofulumira. Ntchito yachiwiriyi ndi imene imavuta anthu kuposa yoyambayo.

Yambani ndi kutsimikiza kuti n'zimenezidi

Pali zinthu zitatu zimene zimamera m'thanki yatsopano n'kumaoneka zofanana kwa munthu amene akungoyamba. Diatom ndi fumbi chabe, lofewa, lopanda ulusi. Mukapukuta ndi chala limachoka nthawi yomweyo, mukapoperapo madzi limabalalika, kenako limabwereranso madzulo kapena mawa lake. Cyanobacteria imakhala yofiira moderako, ndipo imayala kachikopa kopyapyala kamene kamasendeka konse pamodzi mukakanyamula. Zachitatu, zimene tiyenera kuziopa, ndi dinoflagellate. Izi nazo n'zabulauni, koma n'zonanda ngati thelere, zimatulutsa ulusi wolendewera m'mwamba wokhala ndi tithovu kunsonga, zimachuluka magetsi akayaka kwa maola angapo, ndipo mitundu ina ili ndi poizoni amene amapha nkhono.

Ngati mukukayika, yesani motere. Tapani madzi a m'thanki pamodzi ndi nderezo, muthire m'botolo ndi kukhutchumula kwambiri. Sefani madziwo ndi pepala lopukutira la kukhitchini, agwere m'tambula yoyera, ndipo muiike powala kwa ola limodzi kapena awiri. Mukapeza kuti zabulauni zija zasonkhananso n'kupanga ulusi kapena timibulu, ndi dinoflagellate, chifukwa izo zimasambira n'kufunafunana. Madzi akangokhala momwe munawasiyira, nkhani yanu ndi ya diatom, ndipo malangizo ali m'munsiwa ndi anu.

Dziwani pamene thanki yafika

Musaweruze thanki ndi maso. Pa nthawi imeneyi, imene a m'mashopu a nsomba amaitcha cycling, chimene mukuweta si nsomba ayi koma mabakiteriya. Gulu loyamba limadya amoniya, poizoni wochokera ku zowola ndi ndowe za nsomba, n'kumusandutsa nitrite, lachiwiri limadya nitrite n'kumusandutsa nitrate. Mabakiteriyawa amakhala pamiyala, mumchenga ndi m'sefa, osati m'madzi moyandama, ndipo kuti achuluke mokwanira pamatenga masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi, malinga ndi miyala imene mwagwiritsa ntchito komanso ngati munathiramo mabakiteriya a m'botolo.

Khalani ndi zoyezera amoniya, nitrite ndi nitrate, ndipo muziyeza masiku awiri kapena atatu alionse n'kulemba m'kope. Njira imene ine ndimaikonda ndi yothira mankhwala a ammonium chloride mpaka amoniya afike 2 ppm (magawo awiri pa miliyoni), chifukwa mumadziwa chimene mwaikamo. Ena amaponyamo kachidutswa ka prawn kosaphika kuti kawole. Zimatheka, koma kamatulutsanso phosphate wambiri, amene ndi chakudya china cha ndere. Thanki yakhwima pamene mwathira amoniya wa 2 ppm ndipo pakutha maola 24 amoniya ndi nitrite onse abwerera pa 0. Dziwaninso kuti nitrite akakhala adakali m'madzi amanamiza choyezera nitrate, chimaonetsa nambala yaikulu kuposa yeniyeni, choncho musachite nayo mantha nambala imeneyo mpaka nitrite atatha.

Ndere zabulauni nthawi zambiri zimatulukira chakumapeto kwa ulendo umenewu, nitrate akayamba kupezeka. Koma kutuluka kwake si umboni woti thanki yakonzeka kulandira nsomba. Umboni ndi nambala za m'kope muja.

Mchere ukhale pa 35 ppt (magawo 35 pa chikwi), kapena 1.025 mpaka 1.026 pa kachipangizo koyezera mchere kotchedwa refractometer, ndipo kutentha kukhale pafupi ndi 25°C.

Madzi: apa ndi pamene pagona nkhani

Mukandifunsa chinthu chimodzi chimene chimachititsa kuti ndere zabulauni zikhalitse m'thanki ya munthu kwa miyezi m'malo mwa masabata, ndidzakuuzani kuti ndi madzi a pampopi. Madzi athu kuno amachokera ku Vaal Dam, amatsukidwa ndi Rand Water, ndipo amatifikira kudzera ku Johannesburg Water. Anakonzedwa kuti anthu amwe, osati kuti aweteremo zamoyo za m'nyanja yamchere. Madzi alionse amene ayenda pa nthaka ndi pamiyala amatenga silika, ndipo kutsuka madzi akumwa sikulinga kumuchotsa, poti savulaza munthu.

Palinso china. Kuti madzi afike kutali asanaonongeke m'mapaipi, Rand Water imagwiritsa ntchito chloramine, amene ndi klorini wophatikiza ndi amoniya. Amene munawetapo mbuna kapena nsomba zina za m'madzi opanda mchere munazolowera kusiya ndowa ya madzi panja usiku wonse kuti klorini auluke. Chloramine sauluka motero. Madontho aja ochotsera klorini amamuthetsadi, koma silika, nitrate ndi phosphate samazikhudza n'komwe. Madzi amaoneka abwino, nsomba sizingafe nawo lero, koma ndere mwazipatsa chakudya.

Chofunika ndi makina osefera a RO/DI. Madzi amayamba adutsa m'sefa yogwira matope, kenako m'makala amene amachotsa klorini ndi chloramine, kenako m'sefa yopyapyala ya RO imene imachotsa pafupifupi zonse zosungunuka, ndipo pomaliza mu timikanda ta DI timene timagwira zotsalira. Gulani ndi kachipangizo koyezera TDS, kumene ndi kuchuluka kwa zinthu zosungunuka m'madzi. Madzi otuluka kumapeto ayenera kuwerenga 0. Osati 5, osati 3.

Tsono mvetsetsani ichi, chifukwa chimapusitsa ngakhale anthu amene akhala ndi mathanki zaka zambiri. Kachipangizo ka TDS kamayeza mmene madzi akudutsitsira mphamvu ya magetsi, ndipo silika sadutsitsa magetsi kwenikweni, choncho sikamuona bwino. Komanso timikanda ta DI timamugwira mofooka, moti tikayamba kutopa, silika ndi mmodzi mwa oyamba kupulumuka. Zikutanthauza kuti nambala ikhoza kukhala pa 0 kapena pa 1 pamene silika wayamba kale kudutsa. Musadikire kuti ifike pa 4 kapena 5. Ikangochoka pa 0, sinthani timikandato. Ngati muli ndi tosintha mtundu, tisintheni mtundu watsopanowo usanafike kumapeto kwa botolo. Ndipo nthawi iliyonse mukayatsa makinawo, madzi oyamba otuluka mu RO amakhala akuda kuposa otsatira, ndiye atayeni kwa mphindi zingapo asanalowe mu DI kuti timikanda tisathe msanga.

Makina a RO amafuna madzi obwera ndi mphamvu, pafupifupi 4 bar. Amene mukukhala m'mafulati a pamwamba ku Hillbrow, Berea kapena Yeoville, kapena m'zipinda za kuseri kumene paipi imodzi imagawidwa kwa anthu ambiri, mungafunike kapampu kowonjezera mphamvu. Popanda iko makina amadontha pang'onopang'ono ndipo sasefa bwino. Pa lita imodzi yabwino amataya malita atatu kapena anayi. Madzi amenewo musawalole apite m'ngalande m'mzinda uno umene madzi amasowa kawirikawiri. Asungeni m'ndowa muchapire, mukolopere kapena muthirire ndiwo zamasamba.

Madzi akasiya kutuluka m'dera lanu, monga zimachitikira akamakonza mapaipi, tsekani makina a RO. Akabwerera amayamba ndi matope ndi dzimbiri. Tsegulani mpopi wamba mpaka ayere, kenako muyatse makinawo.

Ngati simunakwanitse kugula makina anuanu, mashopu ambiri a nsomba za m'madzi amchere amagulitsa madzi a RO/DI pa lita, ena amagulitsanso osakaniza kale mchere. Pitani ndi zigubu zanu zatsopano, zimene sizinasungepo mafuta, sopo kapena mankhwala, ndipo nyamulani kachipangizo kanu ka TDS muyeze musanalipire. Si mwano kutero. Madzi a m'mashopu odzazitsa madzi akumwa nthawi zambiri amadutsa mu RO yokha popanda DI, ndipo ena amabwezeramo mchere wa m'nthaka kuti akome pakamwa, ndiye nawonso ayezeni. Madzi a pachitsime chobowola, amene nyumba zina za kumpoto kwa mzinda zili nawo, akhala nthawi yaitali m'miyala ndipo ndi amene angakhale ndi silika wochuluka kwambiri. Asalowe m'thanki osasefedwa.

Malo amene anthu ambiri amagwera ndi powonjezera madzi ouma. Mpweya wa ku Joni ndi wouma, makamaka kuyambira May mpaka September, ndipo thanki yotenthetsedwa ndi hita imataya madzi tsiku lililonse. Chimene chimauluka ndi madzi okha. Mchere umatsala, silika amatsala. Munthu amene anadzaza thanki ndi madzi abwino koma tsiku lililonse akuthiramo jagi ya madzi a pampopi, akuunjika silika pang'onopang'ono osadziwa. Lembani mzere pagalasi kapena pa sump (kathanki kosefera kamene kamakhala pansi pa thanki) posonyeza pamene madzi ayenera kulekezera, ndipo muzibwezera ndi madzi a RO/DI opanda mchere.

Ngati munadzaza kale thanki yonse ndi madzi a pampopi, musaikhuthule. Yambani lero kugwiritsa ntchito madzi oyenera, ndipo silika amene alimo kale adzatha ndi ndere zomwezo komanso ndi kusintha madzi kumene tikambe kutsogoloku.

Mchenga

Mchenga woyenera ndi wa aragonite, mchenga woyera wa laimu. Wouma muutsuke m'ndowa mpaka madzi asiye kuchita mkaka, ndipo kutsuka komaliza kukhale kwa madzi a RO/DI. Wogulitsidwa uli wonyowa m'thumba, wokhala ndi mabakiteriya, sautsuka. Mchenga womangira nyumba wa ku hardware, wa kumtsinje, kapena wachikasu uja wa m'zitunda za migodi, usayandikire thanki yanu. Ndipo amene mumapita ku Durban pa December, musabwere ndi chigubu cha mchenga, miyala kapena nkhono za kugombe. Simudziwa zimene zakakamira pamenepo, komanso lamulo la Marine Living Resources Act la 1998 sililola kutola zamoyo za m'nyanja popanda chilolezo.

Zimitsani magetsi a pathanki

Mabakiteriya amene mukuwetawo safuna kuwala. Ndere ndi zimene zimakufuna. Ngati m'thanki mulibe makorali (tizamoyo ta m'nyanja tooneka ngati zomera), magetsi a pamwamba akhale ozima mpaka thanki itakhwima, muziyatsa pokhapokha mukufuna kuona m'kati. Ngati munaika miyala yamoyo, imene imabwera ili kale ndi tizamoyo ta m'nyanja, yokhala ndi ndere zolimba zapinki zimene mukufuna kusunga, maola anayi kapena asanu a kuwala kochepa akwana.

Yang'ananinso zenera. Kuno dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo m'nyengo yozizira limatsika n'kumalowa m'kati mwenimweni mwa chipinda choyang'ana kumpoto. Thanki imene inali pamthunzi mu January ikhoza kumawombedwa ndi dzuwa maola atatu mu June. Tsekani katani, kapena phimbani mbali imeneyo ndi katoni.

Mdima suchotsa silika. Umangochedwetsa ndere, ndipo tsiku limene mudzayatse magetsi zidzaonekerabe pang'ono. Mukadzayamba kuyatsa, yambani ndi maola ochepa n'kumawonjezera sabata ndi sabata.

Kupukuta

Nkoyenera kuchotsa ndere ndi manja, koma pali kachitidwe kake. Diatom ikafa chigoba chake chimasungunuka pang'onopang'ono n'kubwezera silika m'madzi. Choncho kungopukuta galasi n'kusiya fumbilo likhazikike pena sikuchotsa kanthu. Cholinga ndi kulitulutsa kunja kwa thanki.

Ikani thonje losefera, kapena kathumba kosefera ngati muli ndi sump, pamene madzi amadutsa. Pukutani galasi ndi chopukutira cha maginito. Samalani pofika pansi: kamchenga kamodzi kakalowa pakati pa maginito ndi galasi kamalemba mzere umene sudzafufutika. Siyani mpata wa chala chimodzi pamwamba pa mchenga, ndipo pamenepo mupukute ndi khadi lakale la pulasitiki. Miyala ipopereni ndi kapampu kamanja, kapena muloze pampu yaing'ono pamenepo kuti fumbi lidzuke. Lisiyeni liyende ndi madzi kwa ola limodzi, likodwe m'thonje muja, kenako chotsani thonjelo mulitaye kapena mulichape ndi madzi okha. Musalisiye masiku ambiri, chifukwa zokodwazo zimawolera momwemo.

Mchenga musautembenuze. Ndikudziwa kuti dzanja limayabwa kufuna kuukanda kuti woyera wa pansi ubwere pamwamba, koma mukatero mukukwirira ndere zamoyo kuti ziwolere pansi, ndipo mukutulutsa mchenga watsopano kuti nawo udetsedwe. Ngati simungathe kupirira, yamwani ndi kapaipi kachikhungu ka pamwamba pokha.

Miyala isatuluke m'madzi kukakwechedwa pasinki. Pamiyala pomwepo ndi pamene pali mabakiteriya amene mwawadikira masabata onsewa, ndipo madzi a pampopi okhala ndi chloramine amawapha.

Mawu awa apite makamaka kwa abale amene mukugwira ntchito m'nyumba za ku Sandton, Bryanston, Fourways ndi Randburg, amene thanki ikukusowetsani mtendereyo ndi ya abwana. Ife tinaleredwa kuti chinthu chakuda chimachapidwa, ndipo munthu wakhama amafuna kuti eni nyumba akamabwera apeze galasi likuwala. Pathanki pokha, sopo, Jik, mankhwala opukutira mawindo ndi siponji ya kukhitchini zisafikepo. Thanki ikhale ndi ndowa yakeyake ndi nsalu yakeyake. M'manja musakhale mafuta odzola mukamapisa m'madzi. Ndipo auzeni abwana zisanafike poipa kuti nderezi zimabwera m'thanki yatsopano iliyonse ndipo zidzatha, muwaonetse nambala za m'kope, kuti mlandu usagwere inu pa chinthu chimene ndi chilengedwe.

Kusintha madzi

Amoniya ndi nitrite zikadalipo, musasinthe madzi ambiri, chifukwa mukuchotsa chakudya cha mabakiteriya. Dikirani thanki ikhwime. Zikafika pa 0 zonse, onani nitrate. Akakhala wokwera, monga kupitirira 20 ppm, sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, kapena kuposerapo, musanaike chamoyo chilichonse. Sakanizani madzi atsopano dzulo lake m'chigubu chokhala ndi pampu ndi hita, muthire mchere m'madzi osati madzi mumchere, ndipo muyeze kuti mchere ndi kutentha zifanane ndi za m'thanki. Pochotsa akalewo, gwiritsani ntchito mpata umenewo kuyamwa ndere za pamchenga. Kuchokera apo, 10 peresenti pa sabata ndi yokwanira.

Nkhono zibwere nthawi yake ikakwana

Amene munafikako ku Cape Maclear munaona mbuna zikubudula ndere pamiyala tsiku lonse. M'thanki ya madzi amchere ntchito imeneyo imagwiridwa ndi nkhono, ndipo diatom ndi chakudya chimene zimakonda kwambiri. Koma nkhono sizipirira amoniya. Kuziika thanki isanakhwime n'kuzipha, ndipo nkhono yakufa imatulutsa amoniya wina wambiri.

Thanki ikakhwima, yambani ndi Trochus. Zimadya pagalasi ndi pamiyala, ndipo ikagwa chagada imatha kudzitembenuza yokha, pamene Astraea ikagwa pamchenga imafuna kuti inu muitembenuze, apo ayi imafera pomwepo. Cerith ndi zabwino pamchenga, ndipo nkhono imodzi yokulirapo yotchedwa conch imayeretsa mchenga wa thanki yaikulu ndithu. Nassarius musagule chifukwa cha ndere. Izo zimadya zotsala za nyama, ndipo m'thanki yopanda nsomba zimasowa chakudya.

Gulani zochepa. M'thanki ya malita 200, Trochus zisanu kapena zisanu ndi imodzi ndi Cerith zingapo n'zokwanira poyamba. Thanki ikakhala yabulauni paliponse mtima umafuna kugula makumi awiri, koma kumbukirani kuti ndere zimenezi zikutha posachedwa, ndipo nkhono zochulukazo zidzayamba kufa ndi njala. Pofika nazo kunyumba musazikhuthulire m'thanki. Nkhono zimamva msanga kusintha kwa mchere. Ziikeni m'kabeseni ndi madzi a m'thumba lawo, mudonthezeremo madzi a m'thanki pang'onopang'ono kwa mphindi 45 kapena ola, kenako muziike pamwala ndi dzanja. Madzi a m'kabeseniko mutaye.

Mankhwala

Musathire mankhwala opha ndere. Ndere zikafa zonse nthawi imodzi zimawolera m'thanki momwemo, silika amabwerera m'madzi, ndipo mwangobwerera pamene munayambira. Mankhwala alionse okhala ndi kopa ndi oopsa koposa, chifukwa kopa amalowerera m'miyala ndi mumchenga ndipo amapha nkhono, nkhanu ndi makorali ngakhale patapita nthawi yaitali.

Pali timiyala ta dzimbiri totchedwa GFO timene timayamwa phosphate ndi silika. Timagwiradi ntchito, koma m'thanki yatsopano ine sindilimbikitsa kuti muthamangire kumeneko. Thanki yaing'ono msinkhu ikatsitsidwa nitrate ndi phosphate mpaka pa 0, tizamoyo tabwino timene timayenera kudzaza malo timafooka, ndipo dinoflagellate zija zimapeza mpata. Kulimbana ndi izo kumatenga miyezi. Ndi bwino kupirira fumbi labulauni kwa masabata atatu kusiyana ndi kuziitana zimenezo. Lingani kuti nitrate akhale pakati pa 5 ndi 10 ppm, ndipo phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm. GFO ndi wa munthu amene wayeza n'kupeza phosphate ali pamwamba kwambiri, ndipo ayambe ndi theka la muyezo wolembedwa pachitini.

Mpweya, kuzizira ndi kuthima kwa magetsi

Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja. Mpweya kuno ndi wopepuka, ndipo madzi amasunga okosijeni wochepa kuposa mmene angasungire ku Durban kapena ku Cape Town, pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Madzi amchere amasunganso wochepa kuposa opanda mchere, ndipo ofunda amasunga wochepa kuposa ozizira. Mabakiteriya odya amoniya amafuna okosijeni wambiri, ndere nazo usiku zimamugwiritsa ntchito. Choncho lozani pampu imodzi m'mwamba kuti pamwamba pa madzi pazigwedezeka nthawi zonse, ndipo ngati muli ndi skimmer, chipangizo chochotsa zonyansa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu, iyatseni. Kuyenda bwino kwa madzi kumathandizanso kuti fumbi la ndere lisakhazikike m'makona.

Tonse tikukumbukira mmene load shedding inatizunzira mu 2023. Ngakhale masiku amene Eskom sikuzimitsa, magetsi amathabe kuthima m'dera chifukwa cha kubedwa kwa mawaya kapena kuonongeka kwa zipangizo. Maola awiri kapena anayi sapha mabakiteriya. Tsiku lathunthu madzi ali chiimire likhoza kubwezera thanki m'mbuyo. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire n'kotsika mtengo poyerekeza ndi zonse zimene mwagula kale, ndiye khalani nako. Ngati muli ndi inverter, lumikizani pampu yoyendetsa madzi poyamba, chifukwa hita imamaliza batire msanga. Magetsi akathima nthawi yaitali, yezani amoniya kwa masiku awiri otsatira.

M'miyezi ya June ndi July usiku kumazizira mpaka madzi kuundana panja, ndipo nyumba zambiri za kuno sizisunga kutentha. Mabakiteriya amaswana pang'onopang'ono m'madzi ozizira, ndiye thanki yoyambidwa m'chisanu ndi hita yofooka imachedwa kukhwima. Werengerani pafupifupi watt imodzi pa lita, ndi kuposerapo pang'ono ngati chipinda n'chozizira. Mahita awiri aang'ono amaposa imodzi yaikulu, chifukwa ina ikafa inzake imagwirizira. Magetsi akathima usiku wa chisanu, fundikani thanki ndi bulangete.

Zikakana kutha

Mukachita zonsezi, mudzaona kuti galasi limene linkada tsiku lililonse layamba kutenga masiku awiri, kenako atatu. Pamchenga padzayamba kuoneka malo oyera pamene nkhono zadutsa, ndipo sadzadanso msanga.

Koma ngati padutsa miyezi iwiri ndere zikadali ndi mphamvu yomwe ija, silika akulowabe kuchokera kwinakwake. Bwererani kumadzi. Pali choyezera silika, monga cha Salifert. Musayeze madzi a m'thanki okha, chifukwa ndere zimamudya akangolowa ndipo mudzapeza 0 n'kuganiza kuti zonse zili bwino. Yezani madzi otuluka m'makina a RO/DI, yezani a m'chigubu chimene mumasungira, yezaninso amene mwasakaniza mchere. Kumbukirani tsiku limene munasintha timikanda ta DI. Funsani ngati pali wina m'nyumbamo amene amawonjezera madzi inu kulibe, ndipo amatunga kuti. Mukapeza kuti madzi onse ndi oyera, bwerezani kuyesa kwa tambula kuja, chifukwa mwina chimene chatsala si diatom.

Zabulauni zikatha, pagalasi padzayamba kachifunga kobiriwira, ndipo pamiyala pangamere tiubweya tobiriwira. Ndi gawo lotsatira la thanki imene ikukula, ndipo nkhono zanu zidzapeza chodya. Nsomba zoyamba, monga clownfish ziwiri, zikhoza kulowa amoniya ndi nitrite zikakhazikika pa 0, ngakhale mchenga usanayeretu, poti diatom sivulaza nsomba. Zipatseni chakudya chimene zingamalize m'mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo dikirani masabata awiri kapena atatu musanawonjezere ina. Tsiku lina mukadzathira mchenga watsopano kapena mwala wouma, fumbi labulauni lidzaonekanso pamalo atsopanowo kwa masiku angapo. Lipukuteni, sinthani thonje, ndipo yezani TDS ya madzi amene mukuwonjezera sabata imeneyo.